Staßfurt: tauni ya mchere yomwe inatitimira pakati, komwe ana athu 899 anakulira



Pa mapu a Alemanha, dziko lomwe enafe timati Jeremani, dzina la Staßfurt mumachita kulifufuza ndi chala. Ndi tauni yaing'ono ya anthu pafupifupi 24,000, m'chigawo cha Sachsen-Anhalt, makilomita oposa 30 kumwera kwa mzinda wa Magdeburg. Chilembo chachilendo chili pakati pa dzinalo, ß, chimawerengedwa ngati s awiri, ndipo eni ake akamalitchula limamveka ngati "Shtasfurt". Kuchepa kwa tauniyi kusakunamizeni. Aliyense amene anasenzapo thumba la feteleza wa NPK ku Ulónguè kapena ku Tsangano anasenza kachidutswa ka mbiri yake. Komanso m'dziko lathu lino muli abambo ndi amayi, lero ali ndi zaka za m'ma 50, omwe anachoka kuno ali ana n'kukakulira kumeneko. Tifika kwa iwo, koma tiyambe ndi mtsinje, chifukwa tauniyi inayambira pamtsinje.

Mtsinjewo ndi Bode. Umachokera kumapiri a Harz n'kukathira mu mtsinje wa Saale. Mawu akuti Furt m'Chijeremani amatanthauza dooko, malo osaya pomwe anthu ndi ngolo amawolokera, ndipo ndi mawu omwewo ali kumapeto kwa dzina la Frankfurt. Anthu a ku Staßfurt amawerenga zaka za tauni yawo kuyambira 806, chifukwa cha kalata ya mfumu Carlos Magno yopita kwa mkulu wa nyumba ya amonke dzina lake Fulrad. Kalatayo inamulamula kuti abwere ndi anthu ake kumsonkhano wa ankhondo pamalo otchedwa Starasfurt, pa mtsinje wa Bode. Anauzidwa kuti atenge kamba wa miyezi itatu, zida ndi zovala za miyezi 6, ndiponso nkhwangwa, mafosholo ndi zipangizo zina m'ngolo. Kalatayi akatswiri a mbiri amaikonda chifukwa imaonetsa kuti nkhondo ya nthawiyo wolipira anali yemwe waitanidwayo, osati mfumu.

Dooko linabweretsa apaulendo, koma chomwe chinawakhazika pansi ndi mchere. M'mbali mwa Bode munkatumphuka madzi amchere. Anthu ankawatunga m'zitsime, kuwawiritsa m'ziwaya zikuluzikulu mpaka madzi aphwe, mchere n'kutsala. Agogo athu omwe ankacheza mchere wa m'dambo sakanadabwa nayo ntchitoyi. Mabanja ochepa omwe anali ndi ziwayazo ndiwo ankalamulira tauni kwa zaka mazana ambiri, ndipo anaizinga ndi linga lamiyala. Mbali zina za lingalo zilipobe, pamodzi ndi nsanja yonenepa yozungulira yotchedwa Rondell. Tauniyi inali pansi pa bishopu wamkulu wa Magdeburg, kenako mu 1680 inalowa m'manja mwa Brandenburg, ufumu womwe unadzakhala Prússia. Mu 1797 boma la Prússia linagula ntchito yonse ya mchereyo.

Bomalo linaganiza chinthu chanzeru ndithu: ngati madzi akutuluka ndi mchere, ndiye kuti pansipo pali mwala wa mchere, nanga bwanji tikutha nkhuni kuwiritsa madzi m'malo mokumba mwalawo? Anayamba kuboola nthaka mu 1839, ndipo mu 1851 ndi 1852 anayamba kukumba migodi iwiri mkatikati mwa tauni, wa von der Heydt ndi wa von Manteuffel, mayina a nduna ziwiri za Prússia. Pofika 1856, atatsika mamita oposa 250, anakumana ndi mchere, koma osati womwe ankaufuna. Pamwamba pa mchere wodyedwa panali mchere wina wamitundumitundu, wofiirira, wowawa, wosati n'kuthira m'ndiwo, ndiponso wosungunuka ukangokhudzidwa ndi chinyontho. Anthu a mumgodi anautcha Abraumsalze, kutanthauza mchere wa kudzala. Ankautulutsa n'kuuunjika panja ngati zinyalala kuti afike pa mchere weniweni.

Zinyalala zimenezi ndizo zinadzalemeretsa tauni. Kuti timvetse, tiyeni tilowe kaye kukhitchini. Amayi akafuna kuphika therere amacheza chidulo: amaika phulusa m'chiwiya chobooka, kuthira madzi, n'kulandira madzi odonthawo. Mphamvu yomwe ili m'chidulo imachokera makamaka ku chinthu chomwe asayansi amati potaziyamu. Azungu nawonso ankachipeza mwa njira yomweyo. Ankatentha nkhuni zambirimbiri, kucheza phulusa, kuwiritsa madziwo mumphika, ndipo zotsalazo ankazitcha phulusa la mumphika, komwe kunachokera dzina loti potashi. Ankaligwiritsa ntchito popanga sopo, magalasi ndi onga wa mfuti, ndipo nkhalango zinkatha chifukwa cha ntchitoyi. Mu 1840 katswiri wina, Justus von Liebig, anafotokoza kuti mbewu zimadya michere ya m'nthaka, potaziyamu ali m'gulu lomwelo, ndipo munda ukamakololedwa chaka ndi chaka osabwezeramo kanthu umaguga. Vuto linali loti potashi wokwanira minda yonse akachokera kuti.

Munthu amene anagwirizanitsa mfundo ziwirizi ndi Adolph Frank, yemwe anabadwa mu 1834 ndipo ankagwira ntchito ya ukatswiri wa mankhwala pa fakitale ya shuga ku Staßfurt. Shuga wa kumeneko sachokera ku nzimbe ayi, amachokera ku mbewu ya mizu yonga mpiru waukulu, ndipo mbewu imeneyi imadya potaziyamu kwambiri. Frank anapeza njira yolekanitsira potaziyamu ndi michere ina ya m'milu ya zinyalala ija, ndipo mu 1861 anatsegula fakitale ya potashi. Chaka chomwecho Hermann Grüneberg ndi mnzake Julius Vorster anatsegulanso yawo. Pasanathe zaka zambiri mafakitale anali mbwee, ndipo mchere wodyedwa uja, womwe anthu anaukumbira migodi poyamba, unasanduka ntchito yapambali. N'chifukwa chake Staßfurt imadzitcha chiyambi cha migodi ya potashi padziko lonse, ndipo pa mfundo imeneyi sikudzitama chabe. Mpaka kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1918, pafupifupi potashi yense wogulitsidwa padziko ankachokera ku Alemanha.

Aphunzitsi a sayansi, nachi chokometsera phunziro. Pa thumba la 12-24-12, nambala yomaliza ndi ya K. Mwana akafunsa chifukwa chake potaziyamu amalembedwa K pomwe dzina lake likuyamba ndi P, yankho n'lakuti K akuimira Kalium, dzina lomwe Ajeremani amagwiritsabe ntchito, ndipo gwero lake ndi mawu a Chiarabu otanthauza phulusa la zomera. Ndiye kuti dzina lililonse mwa awiriwa mukalitsata limakufikitsani pa phulusa, pa chidulo chomwe chija.

Mcherewo unafika bwanji pansi pa tauni yomwe ili kutali ndi nyanja? Zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo dera lonselo linali nyanja yosaya, m'nyengo yotentha kwambiri. Madzi ankaphwa, ena n'kulowa, n'kuphwanso. Michere yosachedwa kuuma inakhala pansi, ndipo ya potaziyamu ndi maginiziyamu, yomwe imauma pomalizira, inakhala pamwamba. N'chifukwa chake okumba aja anayamba kukumana ndi wowawa. Carl Ochsenius anafotokoza zimenezi mu 1877 ataphunzira migodi ya kuderali. Jacobus van 't Hoff, munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 1901, anatha zaka zambiri akufufuza ndondomeko yomwe michere ya Staßfurt inaumira. Mwala wotchuka wa kumeneko, carnallite, unapatsidwa dzina la mkulu wa migodi Rudolf von Carnall.

Malire a Prússia ndi dziko laling'ono la Anhalt ankadutsa m'mphepete mwenimweni mwa tauni. A ku Anhalt ataona anzawo akulemera anakumba mgodi wawo tsidya lawo, ndipo panabadwa mudzi wa Leopoldshall, womwe unadzaphatikizidwa ndi Staßfurt mu 1946. Maboma awiri ankakumba mwala umodzi, aliyense mothamanga.

Apa m'pomwe nkhani inapotokera. Mdani wa mgodi wa mchere ndi madzi. Mgodi wa malasha ukalowa madzi mumapopa n'kupitiriza ntchito, koma mu mgodi wa mchere madzi amadya zipilala zomwe zagwira denga. Okumba oyambawo analibe wowaphunzitsa, poti iwo ndiwo anali oyamba. Anasiya mapanga akuluakulu opanda kanthu, zipilala zochepa, ndipo ena anakumba kufupi kwambiri ndi miyala yosunga madzi. Madzi anayamba kulowa ku Leopoldshall, ndipo pofika cha m'ma 1900 migodi yakale ya mbali zonse ziwiri inali itamira. Pamwamba pa mapangawo panali msika, nyumba ya khonsolo, sukulu, tchalitchi ndi nyumba za anthu.

Nthaka sinagwe tsiku limodzi. Inkatsika pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, makoma n'kumang'aluka, zitseko n'kumakana kutsekeka. Pamalo ena yatsika mamita oposa 7, ndipo dera lonse lokhudzidwa ndi la mahekitala pafupifupi 200. Nyumba zoposa 800 zinagwetsedwa. Tchalitchi chachikulu cha St. Johannis chinatsekedwa mu 1906 poopa ngozi, ndipo chinapsa ndi moto mu 1948. Nsanja yake, yotalika mamita pafupifupi 60, inapendekeka mpaka nsonga yake inapatuka mamita oposa 4. Anthu ankainyadira, ankaijambula pa mapositikhadi ngati nsanja yopendekeka ya ku Pisa, koma mu 1964 ndi 1965 inagwetsedwa. Taganizani tauni yomwe mwakuliramo, tsiku lina muloze malo opanda kanthu n'kuuza mwana wanu kuti apa panali msika, apo panali tchalitchi chomwe agogo ako anabatizidwiramo. Ndalama za potashi zinapita ku Berlin ndi kwa eni makampani, koma dzenje linatsalira eni mudzi. Kwa ife a ku Tete, omwe tikuona zomwe malasha akuchita ku Moatize, mbali imeneyi siifuna womasulira.

Kwa zaka zambiri pakati pa tauni panali bwalo la chabechabe, poimika magalimoto. Cha m'ma 2005 ndi 2006 akuluakulu a tauni anasiya kulimbana ndi madzi pamalo otsika kwambiriwo ndipo anakonzapo kanyanja, Stadtsee. Pomwe panali tchalitchi anadzalapo kapinga motsatira maziko ake kuti anthu aziona kukula kwake. Ine ndimaona kuti anachita bwino kusamangapo tchalitchi chabodza chofanizira chakale. Mapampu akugwirabe ntchito usana ndi usiku kuti madzi apansi asamize misewu yotsala. Ku Leopoldshall, dzenje lina lomwe linagumuka linadzaza madzi amchere, ndipo kuyambira 1929 anthu amasambirako. Amalitcha Strandsolbad. Kukumba potashi kunatha mu 1972. Chomwe chatsala pa ntchito za mchere ndi fakitale ya soda, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1880, ndipo mwa zina imapanga soda wa mtundu womwe walowa m'malo mwa chidulo m'makhitchini ambiri kwathu kuno.

Pa anthu otchuka a tauniyi, amene ndikufuna mumudziwe ndi Hermann Kasten. Anali munthu wa ntchito yopenta, wa chipani cha SPD, ndipo anakhala meya wa Staßfurt kuyambira 1929. Hitler analandira ulamuliro pa 30 Janeiro 1933. Pasanathe sabata, madzulo a pa 4 Fevereiro, Kasten anawomberedwa akubwerera kunyumba, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Womuwomberayo anali mnyamata wa zaka 17, mwana wasukulu ya sekondale, wotsatira chipani cha Nazi. Mawu akuti "mwana wasukulu" ndi omwe amandibaya pa nkhaniyi. Analipo mphunzitsi amene ankaitana dzina lake m'kalasi. Lero ku Staßfurt kuli msewu ndi sukulu za dzina la Kasten.

Nkhondo yachiwiri ili kumapeto, boma la Nazi linafuna kubisa mafakitale a zida pansi pa nthaka pothawa mabomba a ndege, ndipo migodi ya mchere inaoneka yoyenera. Mu Setembro 1944 anatsegula msasa wa akaidi ku Neu-Staßfurt, nthambi ya msasa woopsa wa Buchenwald. Akaidi oyamba ambiri anali a ku França. Ankagwira ntchito mamita mazana pansi, ndi njala, mumchere womwe unkadya zilonda zawo. Mu Abril 1945 asilikali a América atayandikira, akaidiwo anayendetsedwa wapansi kwa masabata angapo kulowera kumwera chakummawa, ndipo ambiri anafera m'njira, ena mochita kuwomberedwa atalephera kuyenda.

M'mwezi womwewo munachitika chinthu china chomwe chimakhudza Africa. Pafupi ndi tauni, m'mashedi a kampani ya boma yosunga katundu wa nkhondo, munali migolo yowola yodzaza miyala ya uraniyamu, matani pafupifupi 1,100. Miyalayo inakumbidwa ku Katanga, m'dziko la Congo lomwe linali pansi pa Bélgica, ndi kampani ya Union Minière, ndipo Ajeremani anailanda atagonjetsa Bélgica mu 1940. Gulu lachinsinsi la América lotchedwa Alsos, lomwe linkafufuza ngati Hitler ali pafupi kupanga bomba la atomiki, linaipeza. Linadziwa kuti dera la Staßfurt lidzaperekedwa kwa asilikali a União Soviética, choncho linasamutsa zonse mwamsangamsanga, ndipo miyalayo inakathera ku América. Kuipeza ili chikhalire osagwiritsidwa ntchito kunatsimikizira akuluakulu a América kuti Alemanha inalibe bombalo. Anthu a ku Katanga omwe anaikumba ndi manja sankadziwa n'komwe kuti thukuta lawo lili m'migolo m'mbali mwa Bode.

Dziko litagawidwa pawiri, Staßfurt inagwera kummawa, ku RDA. Inatchukanso ndi chinthu china: fakitale yaikulu kwambiri ya ma TV m'dziko lonselo inali kumeneko, ndipo mu 1969 inatulutsa TV yoyamba ya makala ya RDA, yotchedwa Color 20. Mbali ya fakitaleyo inadzapitiriza ntchito pansi pa kampani ya TechniSat.

Tsopano tifike kwa ana athu. Pa 24 Fevereiro 1979, ku Maputo, Samora Machel ndi Erich Honecker anasainirana pangano la ubale. RDA inkafuna malasha a ku Moatize ndi zinthu zina, ndipo inatumiza akatswiri ake kumigodiko. Moçambique inkafuna anthu odziwa ntchito, poti Apwitikizi pochoka mu 1975 anasiya dziko lomwe anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Pa ubale umenewu panatuluka zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuzisokoneza. Choyamba ndi antchito zikwizikwi omwe anapita kumafakitale a RDA, awo timawatcha madjermani, omwe mpaka lero amaguba ku Maputo kufuna ndalama zomwe ankadulidwa. Chachiwiri ndi sukulu ya ana, Schule der Freundschaft, Escola da Amizade, yomwe inamangidwa kumapeto kwa tauni ya Staßfurt. Nduna za maphunziro za nthawiyo zinali Graça Machel kuno ndi Margot Honecker uko.

Mu 1982 anafikako ana 899, anyamata pafupifupi 700 ndi atsikana pafupifupi 200. Ambiri anali a zaka zapakati pa 12 ndi 14, osankhidwa m'zigawo zonse za dziko. Ankagona m'nyumba zosanjikizana, kudya pamodzi, kuphunzira pamodzi, m'bwalo lawolawo lopatukana ndi ana a m'tauni. Dongosolo linali la zaka 6: zaka 4 za maphunziro wamba, kenako zaka 2 zophunzira ntchito zamanja m'mafakitale a m'deralo, monga zamagetsi, zomangamanga ndi zokonza makina. Samora anakawayendera mu 1983. Kumapeto kwa sabata ena ankalandiridwa m'mabanja a Chijeremani, ndipo maubale ena omwe anayamba pamenepo alipo mpaka lero.

Tisanaweruze, tikumbukire chomwe anachisiya kuno. Zaka zimenezo nkhondo inali itafalikira, sukulu za kumidzi zinkatenthedwa, aphunzitsi ankaphedwa kapena kuthawa, ndipo anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ankawolokera ku Malawi ndi mitolo pamutu. Mwana wa ku Staßfurt ankadya katatu, anali ndi nsapato, dokotala, mabuku ndi bedi lake. Ambiri mwa iwo akamafotokoza, monga anauzira wofufuza Tanja Müller yemwe analemba buku la moyo wawo mu 2014, amati zinali zaka zabwino, ndipo amati anaphunzirako kusunga nthawi, kugwira ntchito molongosoka ndi kuonana ngati abale posayang'ana kochokera. Ine sindingawatsutse, poti anakhalako ndi iwo.

Koma panali mtengo wake, ndipo mbali ina ya mtengowo inali lilime. Maphunziro ambiri ankaperekedwa m'Chijeremani. Aphunzitsi ochokera kuno ankaphunzitsa Chipwitikizi ndi za dziko lathu. Chimakhuwa, Chisena, Chichangana, Chinyungwe, Chinyanja, zonsezi zinalibe malo pa ndandanda ya maphunziro. Sikunali kuiwala ayi. Cholinga cha sukuluyi chinali kuumba munthu watsopano, wa Moçambique yense, wopanda mtundu, ndipo andale a nthawiyo ankaona zilankhulo za makolo ngati khomo la tsankho la mitundu. Ganizo limenelo linkalamuliranso m'sukulu za kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa ku Dómuè akaweruka ankabwerera kwa amayi ake n'kukamva Chinyanja pamoto, pomwe wa ku Staßfurt akaweruka ankakwera masitepe kupita kuchipinda chomwe mnzake wogona naye mwina anali wa ku Inhambane. Ambiri anatha zaka 6 zonse osaponda kwawo. Mwana wochoka ali ndi zaka 12 n'kubwera ali ndi 18 amabwera ndi chilankhulo cha mwana wa zaka 12, ngati sichinafufutike. Miyambi, mawu a pamaliro, kalankhulidwe ka pamaso pa apongozi, zonsezi munthu amaziphunzira m'zaka zomwezo. Chinyanja chinadzalowa m'kalasi kuno ku Tete mongoyesera mu 1993, iwo atakula kale.

Pa sukulu yomweyo, kuyambira 1985, panabweranso ana a ku Namíbia omwe chipani cha SWAPO chinawatumiza ku RDA kuchokera m'misasa ya othawa nkhondo. Iwowa anapita ali aang'ono kwambiri, ena a zaka 3 kapena 4, ndipo anadzipangira chilankhulo chawochawo chosakaniza Oshiwambo ndi Chijeremani, chomwe chimatchedwa Oshi-Deutsch. Akuluakulu sanachikonze, sanachilembe pa bolodi. Anachipanga ndi ana, kuti akhale ndi polankhulira zawo.

Dzina la sukulu linali ubale, ndipo boma la RDA linkanena kuti m'dziko lake mulibe tsankho la khungu. M'misewu zinali zina. Anthu ena a m'tauni ankadandaula kuti alendowo akupatsidwa zinthu zomwe iwo akuzisowa m'masitolo, ndipo anawo atakula n'kuyamba kupita kumadansi, ndewu zinachuluka. Usiku wa pa 19 Setembro 1987, pambuyo pa mkangano pa malo ovinira achinyamata, Carlos Conceição, wa zaka 18, anaponyedwa kuchokera pa mlatho kugwera mu Bode, ndipo anamira. Mtembo wake unapezeka tsiku lotsatira. Mnyamata wa m'tauni momwemo anamangidwa, koma akuluakulu anakana kuti nkhaniyo itchedwe ya tsankho, ndipo anayesetsa kuti isamveke. Mtsinje wake ndi womwe uja wa dooko, womwe unapatsa tauni dzina.

Pamene ankamaliza maphunziro, dziko lomwe linawatuma linali litasintha. Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Outubro 1986. Boma linali litalowa kale mu Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi FMI mu 1984, ndipo mu 1987 linayamba ndondomeko yatsopano ya chuma. Mafakitale a boma omwe anawo ankaphunzitsidwa kuti adzawayendetse anali ataima, ena atawonongedwa ndi nkhondo, ena sanamangidwe n'komwe. Kumapeto kwa 1988 anakwera ndege kubwerera kwawo ndi masatifiketi m'manja, ndipo ambiri atangotsika anatengedwa kupita ku tropa, ena asanaone n'komwe makolo awo. Atatuluka usilikali anapeza kuti mapepala a ku RDA sakulemekezedwa monga ankayembekezera. Ena anadzapeza ntchito zabwino chifukwa cha Chijeremani chomwecho, m'mabungwe ndi m'makampani. Ena anasauka ngati wina aliyense. Amadziwana, amasonkhana m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo akakumana nthawi zambiri chimatuluka ndi Chijeremani.

Khoma la Berlin linagwa pa 9 Novembro 1989. Namíbia inalandira ufulu pa 21 Março 1990, ndipo mu Agosto chaka chomwecho ana a ku Namíbia aja anatumizidwa kwawo, kudziko lomwe ambiri sankalikumbuka. Pa 3 Outubro 1990 RDA yeniyeniyo inatha. Staßfurt inataya ntchito zambiri za m'mafakitale, achinyamata ake ambiri n'kusamukira kumadzulo kukasaka ganyu, monga zinachitikira m'matauni ambiri a kummawa. Malo a Escola da Amizade sanagwetsedwe onse. Anawasandutsa pophunzitsira akuluakulu omwe, chifukwa cha matenda kapena ngozi, sangathenso kugwira ntchito yawo yakale ndipo akufunika kuphunzira ina.